Funsani Tikuyankheni: Makamera Opirira Mvula ndi Fumbi

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno pa nkhani zojambula zithunzi akukhudza makamera a DSLR (aja osintha malenzi, okhala ndi kalirole m'kati) amene amagulitsidwa ndi mawu akuti weather sealed, kutanthauza kuti anawatseka mipata kuti madzi a mvula ndi fumbi zisalowe msanga m'kati. Ena mwa eni makamerawa akuyamikira, ena akudandaula, ndipo ena akufuna kugula koma akukayika. Tasankhapo angapo n'kuwafupikitsa, ndipo monga mwa nthawi zonse mayina a olemba sitinawasindikize.

Funso lochokera ku Thyolo

A Mkonzi, ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo kamera yanga ndi Pentax K-5 yokhala ndi lenzi ya 18-135mm WR. Ndajambulapo nayo m'minda ya tiyi chiperoni chikuwaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tsiku lina mvula inatipeza akwati akutuluka m'tchalitchi, anzanga onse anabisa makamera awo m'majekete, koma ine ndinapitiriza kujambula mpaka akwatiwo analowa m'galimoto, ndipo kamera sinasonyeze vuto lililonse. Tsopano mnzanga wina akundiuza kuti kamera yotereyi ikada munthu akhoza kuitsuka pa mpope, ngakhale kuiviika m'ndowa. Kodi ndi zoona?

Yankho

Bambo, zimene mwaona ku Thyolo n'zimene eni ake ambiri a makamera amenewa amanena, ndipo ndiyo ntchito imene kamerayo anaipangira, koma mnzanuyo musamumvere. Pentax K-5 inatuluka m'chaka cha 2010, ndipo kampani yake inalengeza kuti m'bodi yake, kutanthauza thupi la kamera popanda lenzi, muli timphira totseka mipata m'malo 77. Timphirati tili kuzungulira mabatani, pansi pa timagudumu tosinthira kuwala, m'mphepete mwa chitseko cha batire ndi cha khadi losungira zithunzi, komanso m'mizere imene zigawo za bodi zimakumanirana. Kampaniyi inatchuka ndi zimenezi kuyambira 2006 pamene inatulutsa K10D, ya timphira 72, pa mtengo umene anthu ojambula mongokonda akanatha kuufikira, pa nthawi imene chitetezo chotere chinkapezeka kwambiri m'makamera a akatswiri monga Olympus E-1 ya 2003. Makampani enanso ali nawo makamera otere, monga Nikon D300 ya 2007 ndi Canon EOS 7D ya 2009.

Timphirati timaletsa madontho amene akungogwa n'kumatsetsereka okha, komanso fumbi louluka ndi mphepo. Madzi a pa mpope amabwera ndi mphamvu, ndipo a m'ndowa amapanikiza kamera mbali zonse nthawi imodzi, kotero kuti pamene pali kamphira kofooka amakakankha n'kudutsa. Pali muyezo wovomerezeka m'mayiko ambiri wotchedwa IP, umene umasonyeza ndi manambala kuti chipangizo chingapirire fumbi ndi madzi mpaka pati, ndipo pa muyezo umenewu kumizidwa m'madzi kumayambira pamene nambala yakumapeto, imene imanena za madzi, yafika pa 7. Makamera ambiri a DSLR alibe nambala ya IP n'komwe, amangolembedwa kuti amapirira fumbi ndi madontho. Ngakhale OM System OM-1 ya 2022, imene si DSLR koma ndi imodzi mwa makamera ochepa okhala ndi nambala yotere, inapatsidwa IP53, ndipo 3 wakumapetoyo akunena za madzi owaza kuchokera kumwamba ndi cham'mbali, osati kumizidwa. Dziwaninso kuti waranti ya makampani ambiri siikhudza kamera imene yawonongeka ndi madzi, ngakhale ikhale yotsekedwa mipata.

Chimene chinakupulumutsani pa ukwati uja si bodi yokha ayi, komanso lenzi. Zilembo za WR zikusonyeza kuti lenziyo nayonso ili ndi timphira, ndipo mukaichotsa n'kuyang'ana kumbuyo kwake muona kamphira kozungulira kamene kamatsamira pa bodi mukaimanga. Mpata waukulu kuposa yonse pa DSLR ndi umenewu, pamene lenzi imakumana ndi bodi, ndipo kuseri kwake kuli kalirole, shutter (kachitseko kamene kamatseguka pojambula kuti kuwala kulowe) ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwalako n'kupanga chithunzi). Malenzi akale a Pentax K, amene anayamba kupangidwa mu 1975, amalowa bwinobwino pa kamera yanu ndipo ambiri amajambula zithunzi zokongola, koma alibe kamphira kameneka, kotero tsiku limene mwamanga lenzi yotere kamera yanu muiyese yosatsekedwa. Kwa eni a Canon nkhani imapitirira, chifukwa malenzi ena, monga EF 17-40mm f/4L, amafuna fyuluta, kagalasi komanga kutsogolo, kuti chitetezo chake chikwanire.

Pa maukwati pali chinthu china chimene ojambula amachiiwala. Mukatsegula kachivundikiro ka m'mbali kuti mulumikize maikolofoni kapena waya wina uliwonse, mwatsegulira madzi khomo, ndipo fulashi yomanga pamwamba kawirikawiri siikhala yotetezedwa ngati kamerayo. Kamera ikada ndi matope, dikirani matopewo aume pang'ono, muwachotse ndi kaburashi kofewa, kenako mupukute ndi kansalu konyowa kofinya bwino.

Funso lochokera ku Nkhata Bay

A Mkonzi, ndine mphunzitsi ndipo ndimakonda kujambula mbalame ndi asodzi m'mbali mwa nyanja. Kamera yanga ndi lenzi yake zonse ndi zotetezedwa ku mvula, ndipo dzinja lathali zinanyowa kambirimbiri popanda kuvuta. Ndikabwera kunyumba ndinkangopukuta pamwamba n'kubwezera m'chikwama chake, chikwamacho n'kuika m'kabati ya zovala. Nditatsegula patapita miyezi iwiri ndapeza m'kati mwa lenzi muli tinthu toyera tonga ulusi wa kangaude, ndipo sitikuchoka ngakhale ndipukute chotani. Kodi madzi analowa, ndipo lenziyi yatha ntchito?

Yankho

Mayi, kalata yanu ndiyo ndikufuna aliyense amene ali ndi kamera yotere aiwerenge, chifukwa makamera ambiri kuno kwathu saphedwa ndi mvula imene yawagwera panja koma ndi chinyezi chimene amagona nacho m'chikwama. Zimene mukuonazo ndi chuku, chimene okonza makamera amachitcha fangasi. Sikuti madzi anachita kudontha m'kati. Timbewu ta chuku timauluka mumpweya paliponse, ndipo timangodikira chinyezi, mdima, kufunda ndi kachakudya kochepa monga fumbi kapena mafuta a zala. Kampani yopanga malenzi ya Zeiss imanena kuti chuku chimamera pamene chinyezi cha mumpweya chafika pa 70 peresenti kapena kuposerapo kwa masiku opitirira atatu, kutentha kuli pakati pa madigiri 10 ndi 35. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma a mvula yambiri m'dziko muno, ndipo m'kabati ya zovala m'miyezi ya Januwale mpaka Epulo zinthu zonsezi zimapezeka pamodzi.

Mwina mungafunse kuti timbewuto tinalowa bwanji m'lenzi yotsekedwa. Lenzi ya zumu imatalika ndi kufupika, ndipo ikamatero imakoka mpweya wa panja n'kuutulutsanso, chifukwa ikanakhala yotsekeratu simukanatha kuizunguza n'komwe. Mukamajambula m'mvula, mpweya umene ikukokawo ndi wonyowa, ndipo mukafupikitsa lenzi isanapukutidwe, timadontho ta pa mbali imene imalowa m'kati timalowera limodzi. Timphira timene timachedwetsa madzi kulowa ndi timenenso timachedwetsa chinyezi kutuluka. Zili ngati chimanga chimene chaikidwa m'thumba chisanaume: thumba likakhala lotseka bwino m'pamene chimachita chuku msanga.

Tsono mukabwera kuchokera kunyanja kapena m'mvula, ntchito yeniyeni imayamba pamenepo. Musanafupikitse lenzi, italikitseni mpaka kumapeto n'kupukuta mbali yonse imene imalowa m'kati. Pukutani bodi ndi kathaulo kouma, makamaka m'mizere ya zitseko, ndipo mukatsimikiza kuti palibe dontho limene lingagwere m'kati, tsegulani chitseko cha batire ndi cha khadi, muchotse zivundikiro za lenzi, musiye zonse pa tebulo m'chipinda chopita mphepo mpaka kutacha. Chikwama chimene munanyamulira chiyanikeni padzuwa pachokha, chifukwa siponji ya m'kati mwake imasunga madzi masiku ambiri ngakhale kunja kukuoneka kouma. Lamba wa pakhosi nayenso amamwa madzi ndi thukuta, ndipo ndi bwino kumuchotsa kuti aume payekha.

Malo osungira akhale bokosi la pulasitiki la chivundikiro chotseka bwino, ngati aja osungira chakudya, ndipo muikemo silica gel wokwanira, timibulu tija toyamwa chinyezi. Timapaketi timene timabwera m'mabokosi a nsapato nthawi zambiri timakhala titakhuta kale chinyezi, kotero sitithandiza tisanaumitsidwe. Wabwino ndi uja wosintha mtundu akakhuta, wina amachoka ku buluu n'kukhala wa pinki, wina ku olenji n'kukhala wobiriwira, ndipo amabwerera mwakale mukamuwotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi lenzi, ndipo mukakaika m'bokosimo muyesetse kuti kazisonyeza pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Musaumitse mopitirira, chifukwa mafuta a m'zigawo zoyenda za lenzi nawonso safuna kuuma kwambiri. Kuli makabati a magetsi opangidwira ntchito imeneyi, koma kumene magetsi amazimazima bokosi ndi silica gel n'zodalirika kwambiri.

Za lenzi yanuyo, musataye mtima koma musachedwe. Ulusi wochepa wa m'mphepete nthawi zambiri suoneka pa chithunzi, koma ukafalikira zithunzi zimayamba kuoneka zotuwa, makamaka pojambula moyang'anizana ndi kuwala, ndipo chuku chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala umene amapaka pa magalasi a lenzi, chipsera chake n'kukhala chosachoka. Ipatuleni kwa malenzi ena ndipo mupite nayo kwa wokonza wodziwa kumasula malenzi, mumufunse ngati akaitsegula adzabwezeretsa timphira take m'malo mwake. Ena amalangiza kuiyanika padzuwa. Kuwala kungachedwetse chuku koma sikuchotsa ulusi umene wamera kale, ndipo lenzi yolozetsedwa kudzuwa imasonkhanitsa kutentha kokwanira kuwotcha za kuseri kwake, kotero musayese zimenezi ili pa kamera. Lenzi imene imatuluka panja sabata ndi sabata siichita chuku kawirikawiri ngati imene yatsekeredwa miyezi iwiri.

Funso lochokera ku Nchalo

A Mkonzi, ndinagula kamera imene anandiuza kuti fumbi sililowa, koma nditajambula mpira ndi misonkhano m'mwezi wa Okutobala ndayamba kuona timadontho takuda pa zithunzi, makamaka pamene pali thambo, ndipo timakhala malo omwewo pa chithunzi chilichonse. Ndili ndi malenzi awiri amene ndimasinthasintha. Kodi wogulitsa anandinamiza?

Yankho

Sindikuganiza kuti anakunamizani, Bambo, ndipo yankho mwalitchula nokha pamene mwanena za malenzi awiri. Nthawi iliyonse imene mwachotsa lenzi, kamera imakhala yotsegula, ndipo pa bwalo la mpira m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala masekondi ochepawo ndi okwanira. Fumbi limayamba lakhala m'chipinda cha kalirole, kenako kalirole akamakwera ndi kutsika pojambula amaliulutsa, lina n'kukamatirira pa galasi lotchinga sensa. Tina mwa tizidutswato timachokeranso m'kati momwemo, pamene zigawo zoyenda zikukhulana.

Kuti mutsimikize, ikani aperture, kabowo ka m'lenzi kolowera kuwala, pa f/16 kapena f/22 kuti kachepe, mujambule thambo loyera kapena khoma loyera, kenako muchikulitse chithunzicho pa kompyuta. Fumbi la pa sensa lidzaoneka bwino, pamene pa f/4 limabisala. Timadontho timene mumationa poyang'ana pa viewfinder, kagalasi kosuzumirapo pojambula, koma pa chithunzi palibe, timeneto tili pa kalirole kapena pa galasi la pamwamba pake, ndipo tisakudetseni nkhawa.

Makamera ambiri a DSLR ali ndi njira yogwedeza galasi la pa sensa kuti fumbi ligwe, luso limene linayambira pa Olympus E-1, ndipo yambani mwayesa imeneyo. Ikakanika, tchajani batire lidzaze, musankhe pa menyu pamene pamakweza kalirole kuti muyeretse, mulozetse kamera pansi, ndipo mupope mpweya ndi kampira kopopera kopangidwira makamera, nsonga yake isakhudze kanthu m'kati. Batire lodzaza n'lofunika chifukwa likathera pakati, shutter imatseka n'kumenya chilichonse chimene chili m'njira. Musauzire ndi pakamwa, chifukwa malovu amasiya madontho ovuta kuposa fumbi, ndipo musayandikire pampu ya matayala kapena kansalu ka m'thumba. Fumbi lokakamira limachoka ndi timitengo topukutira sensa ta saizi yolingana ndi sensa yanu ndi madzi ake apadera, ndipo ngati dzanja lanu silinazolowere, perekani kwa amene amaidziwa ntchitoyi.

Pa tsiku la fumbi sankhani lenzi imodzi musanachoke kunyumba. Mukakakamizika kusintha, zimitsani kamera, mulowe m'galimoto kapena m'nyumba, ndipo lenzi yolowayo ikhale yokonzeka kale m'dzanja. Popeza muli ku Nchalo ndiwonjezepo za kutentha. Makamera ambiri amalembedwa kuti agwire ntchito mpaka madigiri 40, ndipo kwanuko mwezi umenewu kumafika pamenepo ngakhale kupitirira. M'galimoto yotseka mawindo mumatentha kuposa apo, ndipo kutentha kotere kumasungunula guluu wa labala ya pogwirira ndi kukalambitsa timphira tomwe mukudalirato.

Funso lochokera ku Mangochi

A Mkonzi, ndimanyamula alendo pa galimoto yokhala ndi makina oziziritsa. Ndikangotuluka kuti ndijambule, lenzi imachita nthunzi ndipo sindiona kanthu kwa mphindi zingapo. Kodi ndiye kuti timphira tatha?

Yankho

Ayi Bambo, timphira tilibe mlandu. Galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda wa kunyanja, chinyezi cha mumpweyamo chimasanduka mame pa galasipo. Musachotse lenzi pa nthawi imeneyo, chifukwa mamewo adzagwiranso kalirole ndi sensa. Sungani kamera m'chikwama chotseka, kutali ndi pamene pamatulukira mpweya wozizira, kapena muitsekere m'pulasitiki yomanga bwino musanatuluke, ndipo muisiye momwemo kufikira itafunda mofanana ndi panja. Amene amakwera ku Nyika kapena pa phiri la Mulanje m'miyezi ya Juni ndi Julayi amakumana ndi zomwezi mbali ina, akamalowa ndi kamera yozizira m'nyumba yoyaka moto, ndipo njira yake ndi yomweyi. Nthunzi ikakhala m'kati mwa lenzi n'kumakana kuchoka tsiku lonse, pamenepo ndiye kuti chinyezi chalowa, ndipo muchite zimene ndalangiza Mayi a ku Nkhata Bay.

Funso lochokera ku Zomba

A Mkonzi, mchimwene wanga anagwetsa kamera yake m'madzi akutsika m'bwato pa nyanja ya Chilwa. Anaivuula msanga, anaiyatsa ndipo inayaka, koma mawa lake inakana. Tinaikwirira mu mpunga masiku atatu monga anthu amanenera, koma palibe chasintha. Tinalakwitsa pati?

Yankho

Pepani kwambiri ndi zimene zinawachitikira achimwene anuwo. Aliyense amene wavuula kamera m'madzi mtima umamuuza kuti aiyatse aone ngati ili moyo, koma chimenecho ndicho choopsa kwambiri, chifukwa magetsi akadutsa m'tinjira tonyowa amawotcha zigawo zina, ndipo amafulumizitsa dzimbiri. Choyamba n'kuchotsa batire nthawi yomweyo, chifukwa ngakhale kamera ili yozimitsa magetsi ena amakhala akuyendabe, kenako khadi, limene nthawi zambiri limapulumuka pamodzi ndi zithunzi zake likangouma. Mukatero chotsani lenzi, mutsegule zitseko zonse, mulozetse kamera pansi kuti madzi atuluke, ndipo musaiwambe pamoto.

Mpunga sukoka madzi amene alowa m'kati mwa kamera, ndipo umawonjezera fumbi lake loyera. Choipa chachikulu ndi masiku amene amatayika munthu akudikira. Pa nkhani yanuyi masikuwo anali odula kwambiri, chifukwa nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo madzi ake ali ndi mchere, kusiyana ndi a nyanja ya Malawi. Madzi otere akauma mchere umatsalira pa tinjira ta magetsi n'kumapitiriza kudya, ndipo n'chifukwa chake kamera imayaka lero n'kufa mawa. Zomwezi zimachitika kwa amene amajambula m'mbali mwa nyanja yamchere ku Beira kapena ku Nacala, kumene ngakhale mphepo yokha imasiya mchere pa kamera, woyenera kupukutidwa ndi kansalu konyowa ndi madzi abwino tsiku lomwelo. Pitani nayo kwa wokonza kuti aitsegule, koma mumupemphe akuuzeni mtengo asanayambe ntchito, chifukwa nthawi zina kukonza kumaposa mtengo wa bodi ina yogwiritsidwapo kale ntchito.

Funso lochokera ku Lilongwe

A Mkonzi, ine ndajambula zithunzi zaka zambiri ndi makamera wamba, ndipo mvula ikabwera ndimaveka kamera pulasitiki n'kumanga ndi labala, mnyamata wanga n'kundigwirira ambulera. Sindinatayepo kamera. Ndimaona kuti achinyamata akungotaya ndalama pa makamera otsekedwawa.

Yankho

Achikulire, pa zambiri ndikugwirizana nanu, ndipo ngakhale kwa amene ali ndi kamera yotsekedwa, mvula ikakhala ya mvumbi kapena yamkuntho ndimalangiza pulasitiki ndi ambulera zomwezo. Pamene ndikusiyana nanu ndi pa mvula yodzidzimutsa. Mtolankhani amene ali pamalo pamene madzi asefukira, kapena wojambula ukwati amene mvula yamugwera akwati ali pakhomo la tchalitchi, alibe mphindi yofunafuna pulasitiki, ndipo chithunzi chimene chaphonyedwa pamenepo sichibwereranso. Kwa munthu wojambulira mu situdiyo ndi m'maholo, ndalamazo kuli bwino agulire lenzi yabwino kapena magetsi ojambulira.

Funso lochokera ku Mzimba

A Mkonzi, ndili ndi mlongo wanga ku Johannesburg amene walonjeza kundigulira DSLR yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndimagwira ntchito za ulimi m'midzi, ndimayenda pa njinga yamoto m'fumbi ndi m'mvula, ndipo kumene ndimagona nthawi zina kulibe magetsi. Ndimuuze agule yotani, ndipo ayang'ane chiyani?

Yankho

Bambo, ino ndi nthawi yabwino yogula DSLR yotere, chifukwa akatswiri ambiri asamukira ku makamera opanda kalirole ndipo akugulitsa akale. Canon ndi Nikon anatulutsa makamera awo akuluakulu a DSLR, EOS-1D X Mark III ndi D6, m'chaka cha 2020, ndipo kuchokera apo mphamvu zawo zapita ku mtundu watsopanowo. Pentax, imene ili m'manja mwa kampani ya Ricoh kuyambira 2011, inapitiriza ndi DSLR ndipo inatulutsa K-3 Mark III mu 2021.

Pa ntchito yanuyo ubwino wa Pentax ndi wakuti ngakhale malenzi ake otsika mtengo, monga 18-55mm WR ndi 50-200mm WR, ali ndi timphira, pamene malenzi wamba a 18-55mm amene amabwera ndi makamera a Canon ndi Nikon alibe. Kuipa kwake n'kwakuti ojambula ambiri kuno ali ndi Canon kapena Nikon, kotero batire, tchaja kapena lenzi yobwereka mungaipeze msanga pa mitundu iwiriyo. Ngati mwasankha Pentax, mlongo wanu agulire limodzi mabatire owonjezera ndi tchaja chachiwiri.

Pa nkhani ya magetsi, Pentax K-30 ya 2012 ndi K-50 ya 2013 zimakopa chifukwa zimalandira mabatire anayi a AA mukakhala ndi kachonyamulira kake kotchedwa D-BH109. Koma makamera awiriwa amadziwika ndi vuto la kachipangizo koyendetsa aperture, kamene kakayamba kukakamira zithunzi zimatuluka zakuda. Vutoli limaonekera kwambiri pa zithunzi zoyamba kamera ikakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito, kotero mlongo wanu aumirire kuti ajambule yekha zithunzi zoyambazo, osati wogulitsa atayamba waitenthetsa. K-5 ndi K-3 zimayendetsa aperture mwa njira ina ndipo sizidziwika ndi vuto limeneli, ndipo ndikanakhala inu ndikanasankha imodzi mwa ziwirizi n'kunyamula mabatire atatu otchaja kale. DSLR siidya batire kwambiri mukamajambula poyang'ana pa viewfinder m'malo mwa sikirini.

Chachiwiri ndi chiwerengero cha zithunzi zimene kamerayo yajambula chigulireni. Shutter ya K-5 inayesedwa kufika pa 100,000, ya Nikon D7000 ndi ya Canon EOS 7D pa 150,000, ndipo ya K-3, ya Nikon D500 ndi ya EOS 7D Mark II pa 200,000. Manambalawa si tsiku la imfa ya kamera, zina zimapitirira ndipo zina zimafa zisanafike, koma amakuthandizani kunenerera mtengo. Makamera a Pentax ndi Nikon amalemba chiwerengerochi m'chithunzi chilichonse, ndipo chimawerengeka ndi mapulogalamu a pa intaneti, pamene a Canon ambiri amafuna kulumikizidwa pa kompyuta. Dziwaninso kuti EOS 7D yoyamba ndi Nikon D300 zimagwiritsa ntchito makhadi a CF okha, amene ndi ovuta kupeza kuposa a SD.

Timphira nato timakalamba, ndipo kamera ya 2010 siingakhale yotsekeka ngati tsiku limene inatuluka m'fakitale. Mlongo wanu atsegule zitseko zonse aone ngati timphira tili tofewa, osati tong'aluka kapena tophwanyika, ndipo zivundikiro za m'mbali zizitseka zolimba osagwa zokha. Ayang'ane m'chipinda cha batire ngati muli zoyera kapena zobiriwira pa tizitsulo, komanso dzimbiri pa timisomali ta pansi ndi pamene pamamangidwa fulashi, chifukwa izi ndizo zimaulula kamera imene inamwapo madzi. Timisomali tokalikakalika timasonyeza kuti inatsegulidwapo, ndipo afunse chimene chinakonzedwa. Lenzi aiunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, akuyang'ana kutsogolo, kuti aone ngati muli ulusi wa chuku.

Pa njinga yamoto mdani wina ndi kugwedezeka. Kamera musaimange pa keriyala, muinyamule m'chikwama cha kumsana chokhala ndi siponji, ndipo m'chikwamamo muzikhala pulasitiki yokhuthala ndi kathaulo kouma. Ndalama zikapanda kukwanira zonse, mlongo wanu agule bodi yakaleko pang'ono ndi lenzi yokhala ndi timphira, kusiyana ndi bodi yatsopano ndi lenzi yopanda.